Mpando wa pa Maliro a Inonge

Ndinaganiza zochoka ku Livingstone tsiku limene ndinadumpha ndodo yoposa msinkhu wanga. Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Mpikisano unali wa chigawo chathu chonse, pabwalo lafumbi lokhalokha, ndipo popeza mtsikana wodumpha ndinali ine ndekha, anangondiphatikiza ndi anyamata. Onse anaigwetsa ndodo ija, koma ine ndinaidutsa chagada n'kukagwera pamatumba a utuchi. Ndisanasase n'komwe fumbi, panafika bambo wina wa yunifolomu ya usilikali, wamimba yake, kabuku kali m'manja.

"Iwe mukazi, ufuna nchito?" anandifunsa. "Timu ya masoja ifuna atsikana olumpha. Uzadya, uzavala, na sukulu uzapitiliza. Koma tifuna osakwatiwa, amene alibe mwana. Uli na mwana?"

"Nilibe," ndinayankha.

Mwana wanga Mwangala anali pomwepo, chapatali pang'ono, ali kumbuyo kwa mkulu wanga Inonge, akuyamwa chala. Anali ndi chaka chimodzi. Bodza limenelo linatuluka mosavuta ngati malovu, ndipo ndinakhala nalo zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu.

Tinakulira ku Malota, m'nyumba ya zipinda ziwiri. Makolo athu anachokera kumadzulo, kwa Alozi, kudzafuna ntchito ya njanji, ndipo onse awiri anatisiya ndisanamalize pulayimale. Anandilera ndi Inonge, amene ankagulitsa nsomba zouma pamsika. Kudumpha ndinayambira pa chingwe chake choyanikira zovala. Mphunzitsi wina atandiona anadula nsungwi, anakapempha utuchi kwa ocheka matabwa, n'kundiphunzitsa kudutsa ndodo ndi msana. Amayi a ku Malota analankhula mpaka kukhosi kuuma. Ena ankati mkazi wotukula miyendo m'mwamba amuna akuona sadzakwatiwa, ena ankati chiberekero chidzatembenuka. Pa za chiberekero ndinawatsutsa msanga kuposa mmene ndinkafunira. Mnyamata wake ankagulitsa ziboliboli ku Mukuni Park, ndipo lilime limene ankagulitsira azungu mvuu zamtengo ndi lomwelo anandinyenga nalo ine. Atamva za mimba anawoloka mlatho kupita kutsidya, mpaka lero sindinamuonenso.

Titafika kunyumba kuchokera kumpikisano, ndinamuuza Inonge zonse, ndi bodza langa lomwe. Iye anali atakhala pabanja zaka zisanu, ndipo ana ake awiri anamwalira asanayambe kukwawa. Anandimvetsera akusankha nsomba m'lichero, osadzutsa mutu.

"Yenda," anatero. "Pano uzachita chani, uzalumpha nsomba zanga? Koma mvela, Namakau. Ngati unisiyila mwana, unisiyile zoona. Mwana si poto yakuti mailo uzabwela kuti nibwezeleni. Nalila kabili, sinifuna kulila kachitatu."

"Nikankala bwino nizabwela kumutenga, ba Sisi."

"Ndiye vamene nakana ivo. Sankha."

Ndinasankha. Sindinganame kuti anandikakamiza, kapena kuti njala inandithamangitsa, chifukwa nsomba za Inonge zinkatidyetsa ndithu. Ndinkafuna kuchoka basi. Ndinkafuna dzina langa limveke pawailesi, ndipo ndinali nditatopa ndi matewera komanso maso a amayi a ku Malota. Ndinapaka tsabola kumabere masiku atatu kuti mwana aleke kuyamwa, ndipo m'mawa wa tsiku lachinayi ndinamanga chifuwa ndi chidutswa cha chitenje n'kukwera sitima ya ku Lusaka. Mwangala sanalire pasiteshoni. Ndinalira ndine, kuyambira pa Zimba, mkaka utanyowetsa bulawuzi, mpaka mayi amene ndinakhala naye pampando anandifunsa kuti wamwalira ndani.

Potiyeza m'thupi kwa asilikali, namwino wina wachikulire anayang'ana mizere ya pamimba panga, kenako anayang'ana nkhope yanga nthawi yaitali. Anangoti, "Ukalumphe bwino, mwana wanga," n'kusaina pepala.

Ndikulemba izi ku Lusaka, m'nyumba yaikulu imene mumamveka mapazi anga okha. Pakhoma pali chithunzi changa ndili m'malere, msana utapindika pamwamba pa ndodo, ndipo alendo akabwera amaima pamenepo n'kumati ndinatsegulira atsikana njira. Mwina n'zoona. Masiku ano atsikana amadumpha atavala tikabudula, amayi awo akuwaombera m'manja, ndipo ndikawaona pakanema ndimakondwera kwinaku ndikupsa mtima. Bondo langa lamanzere limandiuza za mvula mitambo isanabwere. Pamwamba pa kabati pali zikho zisanu zimene wantchito amapukuta Loweruka lililonse, ndipo palibe chimodzi chimene ndinamwerapo madzi.

Ndinadumphira asilikali zaka zisanu ndi ziwiri. Ndinakwera ndege, ndinagwera pa matiresi enieni a siponji, ndinamva dzina langa pawailesi monga ndinkafunira. Bondo litatha, njira imene ankatumizako akazi amasewera inali ya kuofesi, kukataipa makalata a mabwana. Ine ndinapempha maphunziro a maofisala. Mkulu wina anaseka mpaka kutsokomola, amvekere ndi mwamuna uti angamvere lamulo la mkazi. Ndinapita, ndipo kumeneko ndinaphunzira zimene sizilembedwa m'buku. Mkazi wotsogolera amuna salira pagulu. Sapempha, amalamula. Akalowa pamalo amuna n'kuimirira, mpando umene amupatsa amakhalapo pomwepo, chifukwa akangozengereza kamodzi mawa sadzamupatsanso. Ndinaziphunzira bwino zimenezi, kuposa amuna ambiri, ndipo nyota zinawonjezeka paphewa: kaputeni, meja, mpaka kenelo.

Koma ukulu wa mkazi ndi wodya wekha. Amuna ankandichitira sawatcha paperete, koma ndikawapeza akumwa mowa nkhani inkathera panjira. Akazi awo ankandiyang'ana ngati ndabwera kudzaba. Ndinakwatiwa kamodzi, ndi ofisala mnzanga, munthu wabwino ndithu, koma panadutsa zaka zinayi mimba osaoneka. Apongozi anabwera kuchokera kumudzi kwawo n'kunena mawu omwe aja a ku Malota, akuti ndinawononga chiberekero ndi kudumpha, ndine chumba. Anandinena ndili chikhalire m'nyumba mwanga momwe. Kuti ndiwatseke pakamwa ndinangofunika kunena kuti ndili ndi mwana ku Livingstone, wamiyendo yaitali, ali giledi sikisi kusukulu. Koma pepala langa loyamba lija linali likadali mufayilo, ndipo lonjezo langa kwa Inonge linali likadali m'khutu. Ndinawathirira tiyi apongozi aja. Banja linatha chaka chomwecho.

Ndalama zokha sindinkaphonya. Mwezi ndi mwezi ndinkatumiza za fizi, za nsapato, za mankhwala, ndipo mwamuna wa Inonge atamwalira ndinawamangira nyumba ya mabuloko ku Dambwa kuti achoke ku Malota. Ndinkadziuza kuti mayi wakutali amalera choncho. Makalata a Inonge ankakhala a mizere isanu: tili bwino, mvula yavuta, Mwangala wachoka dzino, wakhoza mayeso, Mulungu akusunge. Ndinkawawerenga mpaka pepala kung'ambika m'mapindo. Mafoni atabwera zinthu zinavuta kwambiri, chifukwa tsopano ndinkamva mawu ake. Inonge ankati, "Bwela upase moni ba Anti," kamwana n'kubwera kakupuma pafoni, n'kundifunsa kuti ndidzakabweretsera chiyani. Pachikhalidwe chathu mng'ono wa mayi ako ndi mayi ako wamng'ono, koma Inonge sanalole kuti mawu akuti mayi ayandikire dzina langa. Poyamba ndinali ba Anti, kenako ba Soja, pomalizira ba Kenelo.

Tchuthi china, Mwangala ali ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndinamuona akudumpha ngalande ya pamsewu atasenza ndowa, madzi osatayika. Ndinamutengera kubwalo la sukulu, ndinamanga chingwe pakati pa mitengo iwiri, ndinamusonyeza poponda. Anadumpha katatu osachikhudza, ine ndikukweza chingwe, ndikufuula ngati wamisala. Kachinayi kasanakwane Inonge anatulukira akuthamanga, mpango uli m'manja.

"Uyu sazalumpha," anatero, akupumira m'mwamba. "Wamvela, Namakau? Umozi analumpha, vakwana."

Anamugwira mwanayo padzanja n'kumapita naye. Mwangala anatembenuka kamodzi kundiyang'ana, ine ndikumasula chingwe. Ndinabwerera ku Lusaka masiku a tchuthi asanathe, ndipo kuyambira pamenepo maulendo anga a kwathu anakhala a masiku awiri, atatu, chaka china osapita n'komwe.

Chaka chatha ananditumiza kunja, kudziko lina lamchenga kumpoto kumene kuli nkhondo, kukatsogolera asilikali athu osungitsa mtendere. Pondisankha anandiuza kuti maso onse ali pa ine, popeza mkazi anali asanapatsidwepo gulu lalikulu chotero. Kumeneko kunkatentha kuposa ku Livingstone mu Okutobala, ndipo mchenga unkalowa m'mano ndi m'chakudya momwe. Lamlungu asilikali ankaimba nyimbo za kwathu pansi pa tenti, ine ndikumvetsera patali, chifukwa bwana akayandikira nyimbo imasanduka ntchito. Ndili kumeneko ndinalandira uthenga wa pafoni wochokera kwa Mwangala. Tsopano anali mayi wa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zinayi, wa mwana wake wamkazi, ndipo ankagwira ntchito yochapa pahotela ina. Analemba kuti, "Ba Kenelo, amai badwala maningi. Bakufunsani."

Sabata yomweyo galimoto yathu ina inaponda bomba lokwirira, asilikali anga awiri n'kufera pomwepo. Ndikanatha kupempha tchuthi, ndipo akanandipatsa. Koma ndinkadziwa zimene zikananenedwa, kuti mwaona, mkazi zikavuta amathawira kwawo, ndipo mawu amenewo akanagwera aliyense wobwera pambuyo panga. Ndinakhala. Ndinalembera makalata amayi a malemu awiri aja, ndipo ku Dambwa ndinatumiza ndalama za mankhwala. Inonge anadwala miyezi inayi. Ankamusambitsa ndi kumutembenuza anali Mwangala ndi Monde, mwana wa amayi athu aang'ono, amene amawotcha chimanga pamsewu ku Malota. Ulendo womaliza kulankhula naye, mawu ake anali atachepa kwambiri.

"Namakau, ubwela liti?"

"Mwezi wa mailo, ba Sisi, uyu ubwela."

"Iwe na mwezi wa mailo," anatero, n'kuseka pang'ono, kenako anayamba kutsokomola ndipo Monde anadula foni.

Inonge anamwalira Lachiwiri m'mawa. Kwathu munthu akamwalira dzina lake silipita naye kumanda. Maliro akatha abale amakhala pansi, amagawana zovala za malemu, kenako amasankha mmodzi wolowa m'malo mwake, kuti ana asasowe womutchula mayi. Mng'ono wa Inonge wa bere limodzi ndinali ine ndekha. M'ndege ndinkaganiza zimenezi, ndipo ndiulule, pansi pa chisoni panali kachimwemwe. Lonjezo linali litafa ndi mwini wake, usilikali unali pafupi kundipumitsa, ndipo mwambo womwewo unali woti undibwezere mwana wanga pamaso pa abale onse. Ndinachita manyazi ndi kachimwemwe kameneko, mkulu wanga ali gone kuchipatala m'nyumba yachisoni, koma sikanachoke.

Ndinafika ku Livingstone Lachinayi masana, pagalimoto ya kuntchito, ndili mu yunifolomu imene ndinatsika nayo ndege. Chitenje ndinali nditagula pa Choma, chinali m'chikwama. Tauni ndinaipeza yadzaza malo ogona alendo, maminibasi a ku Dambwa akulimbirana anthu, koma fumbi linali lomwe lija. Mwambo wa pamaliro ndinkaudziwa, panalibe woti andiphunzitse. Mkazi wachibale amayambira kulira pageti, amadutsa amuna osapereka moni, amalowa m'nyumba n'kukagwa pansi pakati pa amayi anzake. Mipando yonse imatulutsidwa panja, ndi ya amuna.

Galimoto itaima, kulira kwa m'nyumba kunakwera, amayi aja akundilandira ndisanatsike n'komwe. Koma pamene ndinaponda pansi, amuna onse amene anali pansi pa tenti anaimirira, nkhalamba ndi anyamata omwe. Ba Malume Sitali, mlongo wa malemu amayi athu, anakoka sofa ya pabalaza, yomwe ndinagula ndine.

"Ba Kenelo, nkalani apa. Mwachoka kutali."

Sindinaganize chilichonse. Miyendo inachita zimene inazolowera, ndipo ndinakhala. M'nyumba muja kulira kunapitirira kanthawi, kudikira kuti ndilowe, kenako kunayamba kutsika, mmodzi mmodzi akusiya, mpaka kunatsala mawu a mayi mmodzi yekha, nayenso analeka. Ndinazimva zonsezo ndi makutu angawa. Koma nthawi imeneyo ndinali nditafunsa kale za bokosi, ndipo yankho lake linandikwiyitsa. Bokosi linali lisanagulidwe, za manda panalibe amene anakalankhula, nkhuni zinali zitatha, ndipo aliyense ankaloza mnzake. Chisokonezo ndicho chakudya changa. Pasanathe ola ndinali nditagawa ntchito: awa kumanda, awa kukafuna mabasi, awa kukaonana ndi abusa. Amuna anathamanga mokondwa, ndipo ndinamva wina akuuza mnzake kuti, "Manje pafika muntu."

M'nyumba ndinalowa patatha maola awiri, jombo zili kuphazi. Amayi anali atakhala pansi mothinana, wina miyendo pa mnzake, mpweya uli wotentha. Mwangala anali pakona, duku lakuda kumutu, mwana wake ali pamiyendo. Kudzanja lake lamanja kunali Monde. Kumanzere kwake kunali mpata pamphasa, wokwana munthu mmodzi. Ndinauona ndithu mpatawo, ndipo ndinaganiza kuti mwini wake watuluka pang'ono. Ndili chiimire choncho mayi wina anandibweretsera kampando ka kukhitchini, poti yunifolomu ndi yothina ndiponso za bondo langa ankazidziwa. Ndinakhalapo. Ndinaika dzanja paphewa la Mwangala n'kumuuza kuti alimbe mtima, mawu omwewo amene ndauza akazi amasiye a asilikali kosawerengeka.

"Zikomo, ba Kenelo," anatero. "Mwayenda bwanji?"

Amayi amagona pansi m'nyumba ya maliro mpaka tsiku loika. Ine ndinakagona kumalo ogona alendo, ndikudziuza kuti m'nyumba mwadzaza ndipo mawa kuli ntchito. Lachisanu lonse ndinali pamsewu, kuchipatala, kwa okhoma mabokosi, kutchalitchi. Ndikalowa m'nyumba kunali kudzafunsa ngati ufa wakwana. Loweruka tinamuika Inonge m'bokosi labwino, ndipo zonse zinayenda pa nthawi yake, moti ndimamva kuti ku Dambwa amanenabe za maliro amene anayamba naini koloko yeniyeni. Kumanda ndinafuna kulira. Koma pondizungulira panali amuna amene ndinali nditawalamula masiku atatu, ndipo sindinadziwe poyambira.

Lamlungu titachoka kutchalitchi, abale tinakhala pabwalo. Zovala za Inonge anaziyala pansalu: zitenje, madilesi, yunifolomu ya amayi a mpingo, nsapato. Tsiku limenelo ndinavala chitenje changa cha pa Choma chija, chikadali cholimba ndi utsopano, koma ndinakhalabe pampando. Ba Malume anatsegula ndi pemphero, anagawa zovala, kenako anati tafika pa nkhani yaikulu, yosankha wolowa m'malo mwa malemu. Asanamalize ndinaimirira. Amayi pamsonkhano wotere amalankhula ali pansi, koma ine mawu ofunika sindinawalankhulepo chikhalire.

"Nili na mau," ndinatero. "Nabisa zaka zambili, lelo nifuna mumve monse. Mwangala ni mwana wanga. Ninamubala ndine. Ba Sisi ananisungila chabe."

Ndinkayembekeza phokoso, kapena kulira, kapena wina kugwira pakamwa. Panalibe. Mayi wina anapitiriza kupinda bulawuzi imene analandira. Nkhuku inadutsa pakati pathu. Ba Malume anandiyang'ana ndi maso achifundo, ndipo kwa nthawi yoyamba chifikireni ananditchula dzina langa.

"Nkala pansi, Namakau. Nindani pano wamene saziba? Malota yonse inaona mimba yako. Tenze chabe zii chifukwa cha nchito yako."

Ndinakhala. Kenako ba Malume anatembenukira kwa Mwangala n'kunena kuti iye ndi wamkulu, ali ndi mwana wakewake, anene yekha zakukhosi. Mwangala anapatsira Monde mwana, anagwada, anaomba m'manja mwaulemu. Analankhula motsitsa, maso ali pansi, ndipo sanakweze mawu ngakhale kamodzi.

"Ine ninaziba nili na zaka twelofu. Siku ija ya chingwe, amai ananiuza panjila. Ninaganiza kuti muzakamba mweka. Holide iliyonse nenze kuyembekeza, imwe munibweletsela nsapato." Anapuma pang'ono. "Pamene amai benze pafupi kufa, ananiuza kuti, Namakau akabwela, akangena munyumba, akankala pansi pafupi na iwe, umulandile. Ni mai wako, ine namumasula. Ndiye ninasunga malo. Ba Monde anafuna kusendela, ninabakaniza. Bamai bena anadandaula kuti tapanikizana, ninakana. Masiku yatatu malo yenze pamene paja."

Pamenepo ndinauonanso mpata uja pamphasa, bwinobwino, ndi jombo zanga zitaima pambali pake.

"Bokosi yenze yabwino, zikomo," anapitiriza. "Koma ine nenze kufuna muntu wolila naye."

"Nizankala manje, mwana wanga," ndinatero. Ndinatsika pampando, bondo likukana, ndinagwira pansi ndi manja onse awiri pamaso pa abale. Misozi imene inakana kumanda inabwera nthawi imeneyo, yambiri, yochititsa manyazi.

"Malilo yasila, yatha, ba Kenelo," anatero Mwangala. "Mpasa tinapinda mailo, pamene tinachoka kumanda."

Ba Malume anamufunsa kuti nanga akufuna ndani. Anati Monde, poti ndiye ankasambitsa amayi ake. Panalibe wotsutsa. Amayi achikulire anatenga chitenje chimene Inonge ankakonda, anamumanga nacho Monde m'chiuno, anamukhazika pakati n'kumutchula dzina la malemu. Monde ankalira, manja ake akuda ndi makala a chimanga ali kumaso, ndipo kawiri konse anandiyang'ana ngati akupepesa. Mwangala anakwawa ndi maondo mpaka pamene iye anali, anaomba m'manja n'kunena kuti, "Amai." Ine ndinali ndikadali pansi pomwe ndinagwada paja, nsapato za Inonge za kutchalitchi zili pambali panga, gawo langa la zovala, zazing'ono moti sizingandikwane.

Zaka zonsezi ndinkaganiza kuti ndasenza chinsinsi ndekha, ndipo kuti tsiku limene ndidzachitule kwathu kudzagwedezeka. Ndinapeza kuti kwathu anachisenza nane mwaulemu, osandiuza, kwinaku akulera mwana, akuika maliro, akukwatitsana, moyo ukupita. Palibe amene ankandida, ndipo ichi ndicho chinandipweteka koposa. Pabalaza la nyumba ya ku Dambwa pali chithunzi changa cha m'nyuzipepala, m'galasi, pafupi ndi kalendala ya mpingo. Amandinyadira zenizeni. Mwana akachita ulesi kusukulu amamuloza chithunzicho. Koma pa mndandanda wa anthu oti akamve msanga mwana akatentha thupi, dzina langa linachokapo kalekale, ndipo palibe amene anachita kulifufuta.

Lolemba m'mawa Mwangala anandiperekeza mpaka pageti, mwana ali kumbuyo. Anandipatsa kathumba ka nsomba zouma, zotsala za pamsika za Inonge, akuti ku Lusaka n'zodula. Ndinaima ndi kathumbako osadziwa ponyamulira. Ndalankhulapo pamaso pa asilikali mazanamazana opanda pepala m'manja, koma apa mawu amene anatuluka anali aang'ono.

"Ningabwele pa Khisimasi?"

"Nyumba ni yanu, munamanga ndimwe," anayankha, mwaulemu wake uja. "Muzitumako chabe foni mukalibe kunyamuka, kuti tikonzeke."

Pa Khirisimasi ndinaimba foni, ndinapita pa basi, nditavala chitenje. Monde anandilandira pakhomo ndi manja awiri, Mwangala anandilandira chikwama n'kunditsogolera kuchipinda chakumapeto, chimene pomanga ndinauza amisiri kuti chidzakhala cha alendo. Anali atachikonza bwino kwambiri. Pabedi panali thaulo latsopano, ndi sopo wosatsegula.